Khoko la chipolopolo limanena chaka, koma silinena nkhondo

Nthaka ya ku Dedza siyogona. Chaka ndi chaka alimi amaitembenuza pokonza mizere ya mbatata ya kachewere, oumba njerwa amaikumba, ndipo mvula imaikokolola m'mapiri. Nthawi zina khasu limatulutsa kachitsulo kadzimbiri, kampira ka mtovu kapena khoko la chipolopolo. Wotola amati "ndi za azungu" kapena "ndi za Renamo", kenako n'kupatsa ana kuti aziseweretsa, apo ayi n'kugulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Ine ndikuti timafulumira kutchula nkhondo tisanachiwerenge chinthucho, ndipo timafulumira kuchitola tisanawerenge malo ake.

Tiyambe ndi kukumbuka kuti mapiri amenewa sanaone nkhondo imodzi yokha. Cha m'ma 1870, Angoni a Maseko anakhazikika mozungulira phiri la Domwe, lomwe lero lili ku Angónia, tsidya la malire. Ayao anafika ndi mfuti zochokera ku malonda a minyanga ndi akapolo, ndipo Achewa ambiri anathawira m'mapiri ndi m'mapanga ngati a ku Chongoni. M'chaka cha 1896 asilikali a Britain anagonjetsa mfumu Tambala, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho anapha Inkosi Gomani woyamba. Patadutsa zaka zambiri, mu 1968, Frelimo inayamba kumenyana ndi Apwitikizi m'chigawo cha Tete. Kenako kunabwera nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, yomwe inatha mu 1992 itathamangitsira ku Malawi anthu oposa 1 miliyoni, ambiri mwa iwo ku Dedza ndi ku Ntcheu. Munda umodzi wa m'malire ukhoza kusunga zotsala za nyengo zonsezi.

Nanga tingazisiyanitse bwanji? Mfuti ya gogodera, yothira onga kukamwa, sinkasiya khoko ayi. Chotsala chake ndi kampira ka mtovu kapena kachidutswa ka chitsulo chosula, nthawi zinanso kamwala kosemedwa kothethetsera moto. Palibe cholembedwa, choncho kudziwa chaka chake n'kovuta, makamaka poti alenje anapitiriza kusaka ndi gogodera ulamuliro wa atsamunda utakhazikika kale.

Mfuti za Snider ndi Martini-Henry, zomwe asilikali a Britain anayamba kugwiritsa ntchito mu 1866 ndi 1871, zinali ndi makoko aakulu. Oyambirira ankapangidwa ndi mkuwa wopyapyala wokulunga ngati pepala, pansi pake n'kuikapo kachitsulo kozungulira. Khoko la Snider ndi loongoka, pomwe la Martini-Henry lili ndi khosi ngati botolo. Mukapeza khoko lokulunga chonchi, muli pafupi ndi nyengo ya Tambala ndi Gomani.

Makoko a pambuyo pake ndiwo osavuta, chifukwa fakitale inkadinda zilembo kumatako kwake. Khoko la .303 ndi lotalika mamilimita 56 ndipo lili ndi mkombero wotulukira kunja. Chilembo K chimaimira fakitale ya Kynoch ku Birmingham, R ndi L zokhala ndi kamuvi pakati zimaimira Royal Laboratory ku Woolwich, ndipo VII ndi mtundu wa chipolopolo womwe unayamba mu 1910. Khoko la mamilimita 51 lolembedwa FNM ndi la ku Portugal, la mfuti ya G3. Lalifupi la mamilimita 39 ndi la AK-47. Ambiri a amenewa ndi achitsulo, n'chifukwa chake amachita dzimbiri lofiira pamene amkuwa amabiriwira. Pa makoko a ku Soviet Union pamakhala nambala ya fakitale, monga 539 ya ku Tula, ndi manambala awiri a chaka. Rula ya pulayimale ndi kamera ya foni n'zokwanira kuyambira.

Koma apa ndi pamene ophunzirafe timagwa m'mbuna. Chaka chodindidwa pakhoko ndi chaka chimene linapangidwa, osati chimene linawomberedwa. Khoko la .303 lolembedwa 1942 silikutanthauza kuti ku Linthipe kunamenyedwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Zipolopolo zimakhala zaka m'nkhokwe, ndipo mfuti ya .303 inagwiridwa ndi asilikali a King's African Rifles, apolisi ndi alenje kwa nthawi yaitali. Chimene nambalayo ikunena n'chakuti khokolo silinagwe pansi 1942 isanafike, basi. Ngakhale khoko la AK-47 silingakuuzeni amene anawomba, poti mfuti imeneyi inali m'manja mwa Frelimo ndi Renamo omwe, ndipo nkhondo itatha ina inagwera m'manja mwa mbava.

Chimene chimasandutsa chitsulo kukhala umboni ndi malo amene chagona. Khoko limodzi m'dimba likhoza kukhala la mlenje wa nguluwe. Makoko ambiri a mtundu umodzi, oyalana kuseri kwa miyala pamtunda, akunena za anthu amene anabisala n'kumawomba. Kuya kwake, mapale ndi makala oyandikana nalo, ndiponso zimene agogo a m'mudzimo amakumbukira, zonsezi zimawerengedwa pamodzi. Umu ndi mmene J. Desmond Clark anagwirira ntchito pofukula phanga la Chencherere mu 1972, komanso Yusuf Juwayeyi ku Mankhamba, kumunsi kwa mapiriwa, kumene mikanda ndi mbale za ku China zinathandiza kudziwa zaka za likulu la Amaravi. Chinthu chikangozulidwa n'kuikidwa m'thumba, theka la nkhani yake latayika, ndipo palibe katswiri angalibweze.

Palinso chifukwa china chosathamangira kutola, ndipo ichi n'cha moyo. Khoko lopanda kanthu silipha, koma chipolopolo chosaphulika, bomba la m'manja kapena bomba lokwirira la nkhondo ya ku Mozambique zimakhala zamoyo ngakhale zitachita dzimbiri. Chozungulira, cholemera, chokhala ndi zipsepse kapena kawaya, musachigwire, musachigogode, musachiike pamoto. Ikani chizindikiro chapatali, uzani amfumu ndi apolisi. Zinazo, jambulani zili pomwepo ndi rula pambali, lembani malo ndi kuya kwake, ndipo dziwitsani Dipatimenti ya Museums and Monuments, yomwe imayang'anira zakale pansi pa lamulo la Monuments and Relics Act.

Zambiri zimene timawerenga za nkhondo za 1896 zinalembedwa ndi opambana, m'malipoti opita ku London. Anthu a Tambala ndi a Gomani sanasiye malipoti. Anasiya nyimbo, mayina a malo ndi zimene zili m'nthaka. Pamene tikugulitsa zitsulozi pa sikelo, tikugulitsa mbali yawo ya nkhaniyi pa mtengo wa kilogalamu.