Za Sukulu za m'Midzi, ndi Umo Makolo Athu Anazisungira

Pa chaka chino cha Jubili, pamene tiyamika Mulungu chifukwa cha Misyoni yathu, kuyenera kuti tikumbukenso sukulu zazing'ono za m'midzi, pakuti ambiri a ife tinayamba kudziwa kuwerenga ndi kupemphera m'menemo. Ana a masiku ano ayesa kuti sukulu zimenezi zinangomera zokha monga mitengo ya m'thengo. Iai, abale, si tero. Kawirikawiri zinatsala pang'ono kufa, ndipo chimene chinaziimika ndicho manja a eni mudzi.

Abambo a Montfort anafika ku Nzama m'chaka cha 1901, ndipo m'chaka cha 1908 anatsegula Misyoni ya Utale pafupi ndi mtsinje wa Rivirivi. Kuchokera komweko akatekisti anafalikira m'midzi ya chigwa cha Shire. Sukulu ya masiku aja inali nyumba ya mitengo yomata ndi dothi, yofolera udzu. M'kati mwa sabata inali sukulu, pa tsiku la Mulungu nikhala tchalitchi, ndipo munthu mmodzi yemweyo ndiye anali mphunzitsi ndi mkatekisti. Ana anakhala pa zipika, nalemba pa sileti kapena pa mchenga ndi chala. Thandizo la Boma linali lochepa ndithu, pakuti m'chaka cha 1907 linayamba kupereka mapaundi 1,000 pa chaka, ndiwo ogawana Misyoni zonse za m'dziko.

M'chaka cha 1924 anadza kuno akuluakulu a bungwe la Phelps-Stokes kudzaona maphunziro, ndipo mmodzi wa iwo anali Dr James Aggrey, munthu wakuda wa ku Gold Coast. Atapita iwo, Boma linakhazika ofesi yoyang'anira maphunziro m'chaka cha 1926, niliika lamulo la sukulu m'chaka cha 1927. Lamulolo linafuna kuti aphunzitsi akhale oyesedwa mayeso, ndi kuti ndalama za Boma zipite ku sukulu zokhazo zofika pa muyeso. Cholinga chake chinali chabwino, koma kwa sukulu ya m'mudzi chinali chiopsezo, chifukwa mphunzitsi wake analibe kalata ya mayeso, ndipo nyumba yake inali yodontha. Akuluakulu a Misyoni zosiyanasiyana anadandaula kolimba, kotero kuti lamulolo linakonzedwanso m'chaka cha 1930. Komabe sukulu zambiri za m'midzi zinatsala zopanda thandizo la Boma. Pa zaka zomwezo malonda anagwa pa dziko lonse lapansi, mtengo wa thonje unatsika, ndipo ndalama zinasowa ku Boma, ku Misyoni ndi m'matumba a makolo omwe.

Nanga makolo athu anatani? Iwo sanadziwe kulemba makalata aatali a ku Zomba, koma anazindikira chimene woyendera sukulu amayang'ana akafika. Amayang'ana denga, nayang'ana buku la maina a ana, nayang'ana ngati mphunzitsi alipo. Chifukwa chake iwo anayankha pa zitatu zomwezo. Amuna anadula mitengo ndi luzi, akazi anamweta udzu natunga madzi omatira, pakuti mutu umodzi susenza denga. Anamlimira mphunzitsi munda, namsonkhera chimanga ndi nkhuku, kuti njala ingamchotse pa mudzi. Ndipo ntchito yoposa zonse inali yodzaza buku la maina. Ana ambiri ankatsala kukaweta mbuzi, kuingitsa mbalame m'mapira kapena kutola thonje, ndipo mkatekisti ndi akulu a mpingo anayenda khomo ndi khomo m'mamawa kuwaitana. Mwini mudzi akalankhula pa bwalo kuti mwana asatsale, mipando inadzala.

Kuno kwathu kunali chovuta china. Abale athu ambiri Achiyao ndiwo Asilamu, ndipo anaopa kuti mwana akalowa sukulu ya Misyoni adzasiya chipembedzo cha makolo ake. Mantha amenewo tisawaseke, popeza sukulu ndi ubatizo zinayendadi pamodzi masiku aja. Aphunzitsi amene anakhalitsa ndiwo aja ofatsa, amene anachitira ulemu mafumu ndi mashehe, nakhala nawo pamodzi pa maliro ndi pa milandu. Mphunzitsi wonyoza miyambo ya eni dziko anatsala yekha ndi belu lake.

Thandizo lina linachokera ku Domasi, kumene Boma linatsegula sukulu ya Jeanes m'chaka cha 1929. Kumeneko aphunzitsi anaphunzira pamodzi ndi akazi awo za ulimi, za ukhondo ndi za kaphunzitsidwe, nabwerera kukayendera anzawo a m'midzi ndi kuwalimbitsa. Koma pa njala ya 1949 ana anabalalika kukafuna chakudya, ndipo sukulu zambiri zinakhala zii. Mvula itabwerera, makolo omwewo, osapezanso bwino mphamvu, anafolera madenga nabwezanso ana awo.

M'chaka cha 1994 Boma la Bakili Muluzi, mwana wa ku Machinga konkuno, linachotsa malipiro a sukulu za pulaimale, ndipo ana a sukulu m'dziko lonse anachuluka kuchokera pa mamiliyoni awiri osakwana kufika pa mamiliyoni atatu. Zipinda zinachepa, ana naphunzira pansi pa mitengo, ndipo midzi inaumbanso njerwa ndi kuotcha mauvuni. M'chaka cha 1998 Balaka anapatulidwa ku Machinga nakhala boma pa yekha, ndipo chaka chomwecho linaikidwa lamulo la maboma ang'ono, limene linatsegula njira yakuti sukulu za pulaimale ziyang'aniridwe ndi makhonsolo.

Tsono, abale, mbiri iyi itiphunzitsa chiyani? Olamulira sukulu asintha: poyamba Abambo, pambuyo pake Boma la Atsamunda, lero Unduna ndi Khonsolo. Koma kafedwe ka sukulu nkamodzi. Iyamba kufa pamene mphunzitsi asowa nyumba nathawira ku tauni, pamene atsikana akwatiwa asanakhwime, pamene msonkhano wa makolo uitanidwa nafikako anthu asanu. Kalata yoitseka ikadza, idza kudzangotsimikiza chimene mudzi unachita kale.

Chifukwa chake, inu akatekisti, musaleke kukumbutsa za sukulu m'miphakati yanu. Inu makolo, pitani ku misonkhano ya komiti, ndipo pofuna kudandaula ku Khonsolo mupite pamodzi ndi mafumu ndi abale athu Achisilamu, muli ndi maina a ana m'manja. Makolo athu anatisiyira sukulu izi ali osauka koposa ife. Mulungu atithandize kuti pa Jubili ikudzayo adzukulu athu adzazipeze zili chitsegukire.