MOWA WA MATOPE: KUCHOKERA PA CHIPANDA CHA KU MZIMBA KUFIKA M'ZITINI ZA KU AMERICA

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu umachenjeza munthu kuti asaweruze chinthu ndi maso okha, ndipo mbiri ya mowa m'boma la Mzimba ikuchitira umboni mawu amenewa.

Angoni a Zwangendaba anawoloka mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1835, tsiku limene kunachita kadamsana, ndipo patapita zaka pafupifupi makumi awiri, Angoni a M'mbelwa anadzakhazikika pakati pa Atumbuka. M'midzi yawo mowa unali ndi malo ake olemekezeka. Ofulula anali amayi. Ankanyika mawere m'madzi, kuwafundika mpaka atamera, kuwayanika ndi kuwapera kuti akhale chimera. Kenaka ankaphika phala, kulisakaniza ndi chimeracho m'mbiya zikuluzikulu, ndi kulisiya masiku angapo kuti liwire. Chotuluka chinali mowa wa masese: wolimba, wowawasa pang'ono, wosaonekera pansi pa chikho, ndiponso wokhutitsa ngati chakudya.

Mowawu unali ndi malamulo ake. Mwini mowa ndiye ankayamba kulawa pamaso pa alendo, kusonyeza kuti mulibe choipa. Chipanda chinkayambira kwa wamkulu n'kumatsika, ndipo mnyamata sankachigwira asanapatsidwe. Mowa unkafululidwa pa chifukwa: dima la kumunda, ukwati, kulonga ufumu, kapena kupereka nsembe kwa mizimu ya makolo pafupi ndi khola la ng'ombe. Chifukwacho chikatha, mbiya zinkatsukidwa ndi kuvundikiridwa.

Kusintha kunabwera ndi amishoni a Livingstonia. William Koyi anafika ku Njuyu mu 1882, ndipo pambuyo pake Donald Fraser anakhazikika ku Loudon, kumene lero ndi ku Embangweni. Mpingowo unaletsa akhristu ake kumwa mowa, poona ndewu ndi njala zimene zinkatsatira pamene mawere a m'nkhokwe anathera m'mbiya. Anali ndi mfundo zomveka, komabe chiletsocho chinasiya maganizo akuti mowa wa m'mudzi ndi wa anthu osaphunzira. Dziko la Angoni litalowa mu ulamuliro wa Britain mu 1904, akalaliki ndi aphunzitsi a pa Boma anayamba kuona kuti chakumwa cha ulemu ndi chimene chili m'botolo.

Maganizowa anakula pamene kampani ya Carlsberg inatsegula fakitale yake ku Blantyre mu 1968, yoyamba kumangidwa kunja kwa dziko la Denmark. Mowa wake unali woyera mbee, woti munthu n'kuona zala zake kuseri kwa tambula. Masese analowanso m'fakitale ndi dzina lakuti Chibuku, mowa umene Max Heinrich anayamba kufulula ku Northern Rhodesia, koma anthu ankautenga ngati wa osauka. Chotero mtundu wa mowa unasanduka chizindikiro cha thumba la munthu: wosefedwa wa bwana, wamatope wa mlimi.

Chodabwitsa chinachitikira kutali. M'zaka zoyambirira za m'ma 2000, John Kimmich, mwini kafakitale kakang'ono kotchedwa The Alchemist ku Vermont m'dziko la America, anayamba kufulula mowa wosasefa wotchedwa Heady Topper. Mu 2011 anayamba kuuika m'zitini, ndipo anthu ankayenda mitunda yaitali ndi kuima pamzere kuti augule. Ofulula ena anatsanzira, ndipo mu 2018 bungwe la Brewers Association linavomereza mowa wa chifungawu, umene amautcha hazy pale ale, kuti ndi mtundu woima paokha. Chifunga chake chimachokera ku tirigu ndi oats amene amawonjezera pa balere, ku maluwa a hops amene amathiridwa mochedwa ndiponso mochuluka, komanso ku kusasefa. Wolawa amamva fungo la mango ndi malalanje, kuwawa kwake n'kochepa, ndipo pakamwa umakhala wofewa ngati thobwa.

Sikoyenera kunena kuti mowawu ndi masese. Masese alibe hops, amapangidwa ndi mawere kapena chimanga, amamwedwa akuwirabe, ndipo sakhala masiku ambiri. Koma pali mfundo imodzi imene ofulula a ku Vermont anaitulukira mochedwa pamene agogo a ku Edingeni ndi ku Mabulabo anaidziwa kale: kusefa kwambiri kumachotsa zina mwa zokoma, ndipo mowa umakoma ukakhala watsopano ndi wofululidwa pafupi. Chimene ana a sukulu anaphunzitsidwa kuchita nacho manyazi, kwina chikugulidwa pa mtengo wokwera.

Nkhawa ya lero si mtundu wa mowa, koma kutayika kwa malamulo ake. Amayi odziwa kukonza chimera chabwino akuchepa, ndipo minda ya mawere yalowedwa m'malo ndi chimanga ndi fodya. Achinyamata ambiri anazolowera zakumwa zaukali zotsika mtengo, mpaka boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015. Mowa woterowo sudziwa dima, sudziwa wamkulu, ndipo munthu amaumwa yekha m'mawa kuseri kwa golosale.

Pa mwambo wa Umthetho umene umachitikira patsinde pa phiri la Hora, zipanda za masese zimaonekabe pakati pa ovina ingoma. Atsogoleri a mwambowu akanachita bwino kupatsa mpata amayi ofulula kuti afotokoze luso lawo ndi malamulo a kamwedwe, zinthuzo zilembedwe eni ake akadali moyo. Paja mawu a akulu amakoma akagonera, koma amagonera pokhapokha pali wina amene anawamva ndi kuwasunga.