Soda ndi Nsanja ya Ernest Solvay

Kwa zaka mazanamazana, soda wopangira sopo ndi magalasi ankachokera m'phulusa. Ku Spain ndi ku Scotland ankawotcha zomera za m'mbali mwa nyanja yamchere n'kusefa phulusalo ndi madzi, monga amachitira amayi athu potcheza chidulo cha thelele. Mu 1791 Nicolas Leblanc wa ku France anatulukira njira yopangira soda ndi mchere, asidi wa sulfure, malasha ndi miyala ya laimu. Soda anachulukadi, koma utsi wa asidi unapsereza mbewu ndi mitengo ku Widnes ndi ku St Helens ku Britain. Mu 1863 boma la Britain linalamula mafakitale kuti azigwira 95 peresenti ya utsiwo. Ambiri amatamanda lamuloli, koma asidi wogwidwayo wambiri ankathiridwa m'mitsinje.

Ulemu wanga ndimaupereka kwa Ernest Solvay wa ku Belgium, mnyamata amene matenda anamulepheretsa kupita ku yunivesite, ndipo anakagwira ntchito pa fakitale ya gasi ya amalume ake. Kumeneko ndiko anazolowerana ndi amoniya. Augustin Fresnel anali atadziwa kale mu 1811 kuti amoniya ndi mpweya wa kaboni zikakumana m'madzi amchere, soda amadikha pansi. Ambiri anayesa kuchitira zimenezi m'fakitale, koma ankaluza chifukwa amoniya, yemwe ngokwera mtengo, ankathawa. Solvay anamanga nsanja yaitali ku Couillet: madzi amchere akutsika, mpweya ukukwera. Mpweyawo unkachokera ku miyala ya laimu yowotchedwa, ndipo laimu wotsalayo ndiye ankamasula amoniya kuti abwerere kukayambanso ntchito. Asidi wa sulfure sanafunikenso, choncho utsi wa Leblanc unalibenso pobadwira. Apa mpamene ndimati luso lopanga mankhwala mosamala chilengedwe linayambira, ngakhale Solvay mwini ankangofuna kuchepetsa ndalama zowonongeka.

Mabuku amayambira nkhaniyi mochedwa. Amatchula Barry Trost, yemwe mu 1991 anati tiziwerenga maatomu angati a zopangira amene amatheradi m'chinthu chofunikacho, ndiponso mfundo 12 za Paul Anastas ndi John Warner za mu 1998. Anthuwa anatipatsa muyeso wabwino. Ndipo muyeso womwewo sumusiya Solvay: klorini yense wa mumchere amatayidwa pamodzi ndi laimu, ndipo zotayazi zinaipitsa nyanja ya Onondaga ku New York kufikira fakitale ya soda ya kumeneko itatsekedwa mu 1986.