Moyo wa m'Zombo za Matanga pa Gombe la Salima

Munthu akaima pa mchenga wa ku Senga Bay kunja kutayera, amaona chilumba cha Namalenje chapafupi, ndipo patsidya amaona mapiri a kwa Makanjira. Pamenepa nyanja ya Malaŵi njopapatiza kusiyana ndi kumpoto, nchifukwa chake m'zaka za m'ma 1800 panali njira ya zombo za matanga. Zombozi zinkachoka kwa Makanjira, mfumu ya Ayawo, nkudzakocheza ku Rifu, malo amene Azungu adaŵatcha Leopard Bay.

Luso lokhoma zombo lidadza ndi Aswahili ochokera ku gombe la nyanja yamchere. Wotchuka mwa iwo ndi Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, amene adakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840. David Livingstone atafika kumeneko mu 1863 adapeza amisiri ali kalikiliki kukhoma chombo. Chombo chidali chosiyana kwambiri ndi bwato la makolo athu losema pa mtengo umodzi. Ichi chinkapangidwa ndi matabwa olumikiza, chili ndi mlongoti, thanga lansalu ndi chiwongolero, ndipo chinkasenza katundu amene mabwato ambiri sakadamutha.

Amalinyero sankayenda tsiku limene afuna, koma limene mphepo yalola. M'nyengo yachisanu mumaomba mwera wochokera kummwera, umene umautsa mafunde onga a m'nyanja yamchere, ndipo umatha masiku angapo usadaleke. M'dzinja mumabwera mpoto pamodzi ndi namondwe wadzidzidzi. Palinso vuma wochokera kuvuma ndi zambwe wochokera kuzambwe. Chombo cha thanga sichiloza kumene mphepo ikuchokera, choncho ulendo wa tsiku limodzi unkatha kusanduka wa sabata, anthu ali pagombe kudikira. Woyendetsa wodziŵa ntchito ankaŵerenga mitambo, maonekedwe a madzi ndi nsonga za mapiri, pakuti mapu ndi kampasi sizidali zida zake. Mwera ukamupeza pakati, chitetezo chidali kuseri kwa chilumba kapena m'kagombe kobisika. Zilumba za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga, zimene lero zili m'gulu la Lake Malawi National Park, ndi malo otere.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku idali yobwerezabwereza: kukweza ndi kutsitsa thanga, kusoka pamene lang'ambika, kumata ming'alu, ndiponso kukapa madzi, chifukwa chombo cha matabwa sichileka kuchucha. Mphepo ikadula, nkhafi ndiye zinkagwira ntchito. Ludzu lokha silinkavuta monga limavutira pa nyanja yamchere, poti madzi akumwa adali pomwepo, ongotunga. Nsomba zidali zosasoŵa, ndipo mpunga umene Aswahili adalimbikitsa kulima ku Nkhotakota udali kamba wapaulendo.

Umenewo udali moyo wa apamwamba. Pansi pa chombo chomwecho padali moyo wina. Zombo zinkabwera ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Pobwerera zinkanyamula minyanga ya njovu ndi anthu. Akapolo ogwidwa m'midzi ya kuzambwe kwa nyanja ankaŵapanikiza ngati nkhuni, ambiri mwa iwo asadakwerepo ngakhale bwato chibadwire. Mwera umene kwa mmalinyero udali nkhani yochedwetsa malonda, kwa iwo udali masiku ena a njala ndi matenda. Ofera panjira ankaponyedwa m'madzi. Ndipo kuwoloka sikudali kutha kwa mavuto: patsidya pankayambira ulendo wapansi wa miyezi wopita ku Kilwa. Tikamasirira luso la amisiri aja, tizikumbukira katundu amene lusolo linkatumikira.

Azungu adazindikira msanga kuti mphamvu ya Makanjira idagona pa zombo. Mu Disembala 1891 Kaputeni Cecil Maguire adapita pa sitima ya Domira kukatentha zombo za mfumuyi, koma iye adaphedwa komweko, ndipo linga limene adamanga pambuyo pake kutsidyako adalitcha Fort Maguire. Mu 1893 panyanja padafika sitima ziŵiri zankhondo, Pioneer ndi Adventure. Apa mpikisano udatha, pakuti sitima ya moto siyembekeza mphepo, pamene chombo chikasoŵa mphepo chimangoyandama poyera. Ku Rifu nakonso kudamangidwa linga loyang'anira dooko.

Zombo sizidazimirire nthaŵi yomweyo. Zidapitiriza kunyamula chakudya, nkhuni, nsomba zouma ndi anthu aulendo, makamaka cha ku Likoma ndi ku gombe la Mozambique. Koma ku Salima katundu wolemera adatsata njira zina: thonje linkakwera sitima ku Domira Bay, ndipo njanji itafika ku Salima mu 1935, dooko la Chipoka ndilo lidakhala pokumana sitima yapamtunda ndi yapamadzi.