Chikondi cha mu Envulopu

Ku Nkhotakota ndakatulo yachikondi inayamba ngati nyimbo. Mtsikana wosinja chinangwa cha kondowole ankatulutsa dandaulo lake pamtondo, ndipo pabwalo la chiwoda amayi ankatamanda mwamuna, kapena kumunyogodola, mudzi wonse ukumva. Woipeka sankadziwika dzina. Ikakoma, anthu ankangoitenga.

Kulemba kunafika kunyanja kuno kawiri. Jumbe Salim bin Abdallah, amene anakhazikika ku Linga m'zaka za m'ma 1840, anabwera ndi Chisilamu ndi zilembo za Chiarabu. Amishoni a UMCA anatsegula mishoni yawo mu 1894, sukulu n'kutsatira. Kenaka kalata inapeza ntchito yaikulu: amuna atayamba kukhamukira ku migodi ya ku Joni, mpaka pamene Wenela, bungwe lowalemba ntchitoyo, inaletsedwa mu 1974, chikondi chinkayenda mu envulopu. Vuto linali lakuti mayi wosadziwa kuwerenga ankaitana mwana wasukulu kuti amuwerengere, choncho wolemba ankaphiphiritsa. Ambiri anaphunzirira pomwepo luso la mlakatuli asakudziwa.

Mu 1964 magazini ya Moni inayamba kutuluka ku Montfort Press ku Limbe, chaka chomwe wayilesi ya MBC inabadwa. Mphunzitsi wa ku Dwangwa kapena mnyamata wa m'mbali mwa Chia tsopano akanatha kung'amba pepala pakati pa kope, kulemba ndime zitatu za ndakatulo mwaukhondo, kugula sitampa kupositi ofesi, n'kudikira. Limbe ali pa mtunda wa makilomita oposa 300, ndipo mkonzi sankayankha aliyense. Wolemba ankadziwa kuti mwayi wamugwera pokhapokha akaona dzina lake papepala, mwina patatha miyezi, mwinanso mtsikana amene anamulembera ndakatuloyo atakwatiwa kale ndi wina. Malo anali ochepa, n'chifukwa chake ndakatulo zinkafupika. Kufupikako kunazithandiza, pakuti mawu ongodzazira ankayamba kuchotsedwa.

Panalinso lamulo la 1968 lomwe linakhazikitsa Censorship Board. Ndale zinali zoopsa, monga mlakatuli Jack Mapanje anaonera atamangidwa mu 1987. Chikondi chinkadutsa, koma chitavala chitenje chofika kumapazi. Apa zolembedwa zinataya kanthu kena, chifukwa amayi a pamtondo ankanena mosabisa zimene mlakatuli wa m'nyuzipepala ankazilambalala.

Mabuku anabwera pang'onopang'ono. Buku la ndakatulo la Akoma Akagonera, lomwe anasonkhanitsa Enoch Timpunza Mvula, linatuluka mu 1981. Benedicto Wokomaatani Malunga, ndi buku lake lotchedwa Ndidzakutengera Kunyanja Ligineti, anasandutsa nyanja malo olonjezera wokondedwa. N'zosangalatsa, komabe kwa msodzi wa ku Nkhotakota nyanja yomweyo ndi kuntchito, kumene mwera umagudubuza bwato, ndipo ndakatulo zoona nyanja ndi maso ake n'zimene zikufunika kuchuluka.

Wayilesi ya Nkhotakota Community Radio itatsegulidwa mu 2003, mawu a anthu a m'bomali anayamba kumveka osadzera ku Limbe. Lero achinyamata amalakatula pafoni n'kutumiza pa WhatsApp ndi Facebook tsiku lomwelo, ndipo mkonzi wodula mawu uja palibenso.