Chilolezo Chogona: Eni Nyumba a ku Harare ndi Malamulo a Mzinda

Pa 24 Meyi 2005, akuluakulu oyendetsa mzinda wa Harare adalengeza kuti munthu aliyense amene adamanga nyumba, chipinda kapena shedi popanda chilolezo agwetse yekha pofika pa 20 Juni. Mwini nyumba amene adamva chilengezocho adali ndi chifukwa choganizira kuti wapatsidwa masabata pafupifupi anayi oti apite ku maofesi a khonsolo, akaonetse mapepala ake, kapena atsanzikane mwaulemu ndi anthu ake a lendi. Masabatawo sadawaone. Pa 25 Meyi apolisi adalowa m'malokeshoni ndi zigalimoto zogumulira nyumba, ndipo posakhalitsa ntchitoyo idafalikira ku Bulawayo, Mutare, Victoria Falls ndi matauni ena. Idali nyengo yachisanu.

Boma lidapatsa ntchitoyi maina awiri. M'Chingerezi lidaitcha Operation Restore Order, kutanthauza kubwezeretsa dongosolo. M'Chishona lidaitcha Murambatsvina. Munthu wophunzira za ziyankhulo sangalilambalale dzinali. Mphatikiri mu- akuloza wochita, mneni -ramba ndi kukana, ndipo tsvina ndi litsiro kapena nyansi; ife tikadati Mkanalitsiro. Dzina la Chingerezi lija lidali loyenera makutu a akazembe ndi atolankhani akunja, pamene la Chishona lidapita kwa eni mzinda, n'kuwauza poyera mmene boma linkawaonera. Iwo adayankha ndi dzina lawolawo, tsunami, pokumbukira madzi amene adasesa magombe a ku Asia mu Disembala 2004.

Zambiri zalembedwa zokhudza ndale za nthawiyo, makamaka chisankho cha pa 31 Malichi 2005, pamene chipani chotsutsa cha MDC chidatenga mipando yambiri ya m'matauni. Ine pano ndikufuna kuyang'ana chida chimene chidagwiritsidwa ntchito. Boma la Zimbabwe silidapange lamulo latsopano kuti ligumule nyumbazo. Lidangodzutsa malamulo a kagawidwe ka malo ndi zilolezo za kamangidwe amene adakhala ali m'tulo kwa zaka zambiri, ndipo ambiri mwa iwo adasiyidwa ndi atsamunda.

Mzinda wa Salisbury udakhazikitsidwa mu 1890 ngati mudzi wa azungu. Munthu wakuda ankafunika mmenemo monga wantchito basi, ndipo mu 1907 lokeshoni ya Harari, yomwe lero ndi Mbare, idatsegulidwa kuti antchitowo azigona kunja kwa malo a mabwana awo. Ambiri mwa anthu oyamba kukhala kumeneko sadali Ashona kapena Andebele, koma amuna ochokera ku Nyasaland, Mozambique ndi Northern Rhodesia. Ndicho chifukwa chake agogo athu ankati wakuti adapita ku Halale kalekale mzinda wonsewo usadatchedwe Harare mu 1982. Dzina la lokeshoni ndi limene lidafika kwathu, pakuti ndi kumene anthu athu ankagona.

Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 lidagawa dziko lonse potsata khungu, ndipo matauni adagwera mbali ya azungu. Lamulo lina la 1946 lidakhwimitsa za malo ogona a anthu akuda m'matauni: kuti munthu akhale mu lokeshoni ankayenera kukhala wolembetsedwa, ndipo malo ake ogona ankadalira ntchito yake. Ntchito ikatha, bedi nalonso latha. Nyumba zambiri zidali za khonsolo, ndipo amuna osawerengeka ankakhala m'mahositelo onga a ku Matapi, akazi ndi ana atasiyidwa kumudzi. Mwachidule, munthu wakuda m'tauni adali mlendo wokhala ndi chilolezo, ndipo mawu akuti chilolezo amanena okha khalidwe lake. Amachokera ku mneni -lola. Pali wolola ndi wololedwa, ndipo wolola uja akhoza kusintha maganizo.

Mu 1976, nkhondo yomenyera ufulu ili mkati, boma la Ian Smith lidakhazikitsa lamulo la Regional, Town and Country Planning Act potengera malamulo a ku Britain. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kukafotokoza. Khonsolo imajambula pulani ya mzinda n'kugawa madera: kuno nyumba zogona, uko mafakitale, uko masitolo. Mwini poloti sangamange kanthu, kapena kusintha ntchito ya nyumba yake, popanda chilolezo. Pamwamba pa izi pali malamulo a kamangidwe, ofuna kuti pulani ya nyumba ivomerezedwe, poloti ikhale ndi msewu, madzi a m'mipope ndi mapaipi a zonyansa, ndiponso kuti zipangizo zikhale zovomerezeka. Palibe angatsutse kuti madzi abwino ndi zimbudzi zimateteza moyo. Vuto ndi lakuti miyezoyi idapimidwa pa thumba la anthu ochepa olemera, mu mzinda umene unkatseka zipata zake kwa anthu ambiri.

Ufulu utabwera mu 1980, zipatazo zidatseguka koma miyezo idatsala momwemo. Malamulo oletsa anthu akuda kuyenda ndi kukhala m'tauni adachotsedwa, mabanja adalondola amuna awo, ndipo makhonsolo adagulitsa nyumba zambiri za m'malokeshoni kwa anthu amene ankachitamo lendi. Kwa nthawi yoyamba anthu zikwizikwi a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose adakhala eni nyumba. Maina nawonso adasinthidwa: malokeshoni adayamba kutchedwa high density, ndipo madera akale a azungu low density, ngati kuti kusiyana kwawo kudali kwa masamu a kuchuluka kwa anthu chabe. Mapu enieniwo sadasinthe, ndipo lamulo la 1976 lidapitirira kugwira ntchito.

Apa ndi pamene nkhani ya mwini nyumba ikuyambira. Taganizirani za bambo amene wagula kanyumba ka zipinda zinayi ka khonsolo. Ana akukula, abale akubwera kuchokera kumudzi kudzafuna ntchito, ndipo mndandanda wa odikira nyumba ku khonsolo sukusuntha. Kuseri kwa nyumba kuli bwalo. Amangapo chipinda chimodzi, kenaka chachiwiri, china cha njerwa, china cha matabwa, n'kulowetsamo anthu a lendi. Kuti apeze chilolezo afunika kulipira wojambula pulani, kulipira khonsolo, kudikira woyendera, ndipo mwina pomaliza auzidwa kuti poloti yakeyo siloledwa kukhala ndi nyumba yachiwiri. Choncho amanga osapempha. Woyendera wa khonsolo akudutsa tsiku ndi tsiku osanena kanthu, ndipo khonsolo yomweyo ikulandira ndalama za madzi ndi msonkho wa poloti mwezi uliwonse. Zaka khumi zikatha, mwini nyumba uja saonanso chifukwa chokayikira kuti zipindazo ndi zake.

Ndondomeko yokonzanso chuma ya ESAP itayamba mu 1991, anthu ambiri adachotsedwa ntchito m'mafakitale ndi m'boma, ndipo zipinda za kuserizo zidasanduka penshoni ya okalamba ndi chakudya cha amayi amasiye. Boma lenilenilo lidaona kuti malamulo akale sakugwirizana ndi moyo wa anthu. Mu 1994 lidatulutsa lamulo laling'ono, Statutory Instrument 216, lolola ntchito zina monga kusoka, kumeta ndi kusema kuchitikira m'madera a nyumba zogona. Anthu adamva uthengawo momveka bwino: dzithandizeni nokha. Koma lamulo lalikulu lija silidafafanizidwe. Lidangosiyidwa pa alumali, ndipo munthu aliyense amene adamanga m'zaka zimenezo adali wolakwa wosazengedwa mlandu, wodalira kuti olamula apitiriza kuyang'ana kumbali.

Mu 2005 adaleka kuyang'ana kumbali. Pa nthawiyo mzinda wa Harare sunkayendetsedwa ndi anthu osankhidwa. Meya Elias Mudzuri wa MDC, amene adasankhidwa mu 2002, adali atachotsedwa, ndipo mzinda udali m'manja mwa komiti yoikidwa ndi boma, yotsogozedwa ndi Sekesai Makwavarara. Mwini nyumba adalibe khansala woti akamudandaulire. Chodabwitsa n'chakuti lamulo la 1976 lomwelo limamuteteza pang'ono: limafuna kuti apatsidwe chidziwitso cha mwezi wathunthu, ndipo limampatsa mpata wokadandaula kubwalo la milandu kapena wopempha kuti chomangacho chivomerezedwe. Mbali ya lamulo yopatsa boma mphamvu idatsatidwa, koma mbali yoteteza nzika idalumphidwa. M'malo ambiri eni nyumba adalamulidwa kugwetsa okha, ndipo ambiri adatero ndi manja awo pofuna kupulumutsako malata, zitseko ndi mafelemu a mawindo.

Anna Tibaijuka, mkulu wa UN-Habitat amene adatumidwa ndi Kofi Annan kukafufuza, adapereka lipoti lake mu Julayi 2005. Potengera ziwerengero za boma lenilenilo, nyumba ndi zipinda 92,460 zidagwetsedwa, zomwe zidakhudza mabanja 133,534. Lipotilo lidati anthu pafupifupi 700,000 adataya pokhala, pogwirira ntchito, kapena zonse ziwiri, ndipo ena 2.4 miliyoni adakhudzidwa mwa njira zina. Lidanenanso mosabisa kuti malamulo a kamangidwe a nthawi ya atsamunda adali mbali ya gwero la vutolo. Ziwerengerozi zimabisa kanthu kamodzi: chipinda chilichonse cha kuseri chidagwera anthu awiri, wa lendi amene adagona panja ndi mwini poloti amene adatsala ndi nyumba yovomerezeka koma wopanda chogulira ufa.

Wina akhoza kunena kuti mwini nyumba wosapempha chilolezo adadziputira yekha. Nkhani ya Porta Farm ndi Hatcliffe Extension ikuvuta kuigwirizanitsa ndi maganizo amenewo. Anthu a ku Porta Farm adatutidwa ndi akuluakulu a mzinda kuchoka m'madera a Harare mu 1991, pokonzekera msonkhano wa atsogoleri a Commonwealth ndi kubwera kwa Mfumukazi Elizabeth II. Adauzidwa kuti akhala kumeneko mongoyembekezera, ndipo adakhala zaka 14. Bwalo lalikulu la milandu lidali litaletsa kuwasamutsa popanda kuwapezera malo ena, komabe kumapeto kwa Juni 2005 mudzi wonse udagumulidwa. Ku Hatcliffe Extension anthu ambiri adali ndi mapepala a lizi ochokera ku boma lomwelo. Mlandu wawo udali wakuti tinyumba tawo ta matabwa ndi mapulasitiki sitidafike pa muyezo. Adatengeredwa ku Caledonia Farm, ndipo patapita masabata angapo ambiri adabwezedwa pa mapoloti awo omwewo, pamene padali patatsala zibuma zokhazokha. Kwa anthu awa pepala lidalipo, chigamulo cha bwalo chidalipo, ndipo zonsezo sizidaimitse chigalimoto chogumula.

Apolisi ankauza ogumuliridwa kuti abwerere kumudzi kwawo, kumusha m'Chishona. Mawuwa ndi omwe aja a 1946, oti munthu wakuda kwawo ndi kumudzi ndipo m'tauni ndi mlendo. Adawawa kwambiri kwa ana ndi zidzukulu za matchona, amene Ashona amawatcha Mabhurandaya potengera dzina la Blantyre. Makolo awo adabwera pansi kapena kudzera mwa Mthandizi, adagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini, ndipo pokhala opanda munda m'midzi ya m'Zimbabwe adaika mphamvu zawo zonse pa kanyumba ka mu lokeshoni. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kudachititsa kuti ambiri a iwo awerengedwe ngati alendo m'dziko limene adabadwira. Munthu wobadwira ku Mbare, amene Dedza kapena Mangochi adangomva m'nkhani za agogo ake, adauzidwa kuti apite kwawo.

Pofuna kuziziritsa mkwiyo wa maiko, boma lidayambitsa ntchito ina yotchedwa Garikai kapena Hlalani Kuhle, kutanthauza kuti khalani bwino. Bungwe la Amnesty International lidapeza kuti pofika mu 2006 nyumba 3,325 zokha ndi zimene zidamangidwa, ndipo zambiri zidalibe madzi ngakhale zimbudzi, zina zopanda zitseko ndi mawindo. Zikadamangidwa ndi munthu wamba, woyendera wa khonsolo sakadazivomereza. Kwa ine umenewu ndiye umboni waukulu wakuti muyezo sudali nkhani yeniyeni, pakuti boma litakhala mmisiri nalonso lidalephera kuukwaniritsa, ndipo palibe adabwera kudzagumula.

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 adayesa kutseka mpata umenewu. Gawo 74 likuti munthu asachotsedwe m'nyumba yake, ndipo nyumba yake isagwetsedwe, popanda chigamulo cha bwalo la milandu chimene chaunika mbali zonse za nkhaniyo. Malamulo omwewo adabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene makolo awo adachokera m'maiko a SADC. Koma mu Januwale 2016 nyumba za ku Arlington, m'mbali mwa msewu wopita ku bwalo la ndege la Harare, zidagumulidwa popanda chigamulo chotero. Izi sizidali zisakasa; zambiri zidali nyumba zikuluzikulu za njerwa, zomangidwa ndi anthu amene adalipira mapoloti awo kudzera m'makopaletivi. Bwalo lalikulu la milandu lidagamula kuti kugumulako kudali kosemphana ndi malamulo, eni ake atatola kale malata awo.