Mwini Dziko Ndani?

Anthu amanena kuti m'Zambia muli mitundu 73. Pa kalembera wa caka ca 2010 kunapezeka kuti mwa anthu 100 ali onse, 21 anali Abemba, pafupifupi 14 Atonga, 7 Acewa, 6 Alozi ndi 5 Ansenga, ndipo otsalawo anali a mitundu ina yambirimbiri. Cotero palibe mtundu umene ungathe kulamulira dziko lino pa wokha. Koma pali funso limene lakhala likusautsa anthu: mwa mitundu yonseyi, mwini dziko ndani, nanga mlendo ndani?

Tikatsata mbiri tipeza kuti amene anakhalitsa kuno ndiwo Abatwa a m'madambo a Bangweulu, Lukanga ndi Kafue, pamodzi ndi Atonga a kum'mwera. Ena ambiri anacokera ku maufumu a Aluba ndi Alunda m'dziko la Congo. Abemba amati makolo ao anacokera ku Kola. Mwata Kazembe anakhazika mpando wace ku Luapula ca m'ma 1740. Acewa a Undi naonso amachula dziko la Uluwa.

Amene anadza pambuyo anacokera kum'mwera, kuthawa nkhondo za m'masiku a Shaka. Akololo a Sebitwane anagonjetsa Aluyi a ku Bulozi ca m'ma 1840. Mu 1864 eni ace anauka nawapha amuna a Akololo, koma cinenero cao cinatsala m'kamwa mwa akazi ndi ana. Ndico cifukwa cace Cilozi ca lero cifanana ndi Cisutu.

Kwa Angoni kunacitika zosiyana. Iwo anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu 1835, tsiku limene dzuwa linada masana, Zwangendaba ali patsogolo. Mwana wace Mpezeni atafika kudera la Chipata, ankhondo ace anali atakwatira akazi a Cinsenga, ndipo ana anayamwa mau a amai ao. Lero Mngoni abvina ngoma ndi cishango m'dzanja pa mwambo wa Ncwala, koma pa khomo pace alankhula Cinsenga. Ku Bulozi mlendo anapita, cinenero cace nicitsala. Kum'mawa mlendo anatsala, cinenero cace nicipita.

Migodi ya mkuwa itatsegulidwa ca m'ma 1930, anthu a mitundu yonse anakomana m'makomboni, nakwatirana. Abemba ndi Angoni, amene kale anali kulasana, anasanduka a cimbuya: atonzana pa msika, koma pa maliro athandizana nchito. Amwenye amene anayamba malonda ku Fort Jameson ca m'ma 1905 ali ndi adzukulu amene sadziwa mudzi wina.

Tsono pamene tiiwala mbiri imeneyi timadzipweteka tokha. Kenneth Kaunda anabadwira ku Lubwa m'boma la Chinsali mu 1924, koma atate ace anali mphunzitsi wocokera ku Nyasaland. Iye ndiye anatsogolera dziko pakulandira ufulu pa 24 October 1964, nalilamulira zaka 27. Koma mu 1996 anaika lamulo lakuti munthu asaime pa cisankho ca Pulezidenti ngati makolo ace onse awiri sali a m'Zambia, ndipo mu 1999 bwalo la ku Ndola linagamula kuti Kaunda alibe dziko. Ciweruzoco sicinakhalitse, ndipo lamulo lija linacotsedwa mu 2016. Koma manyazi ace tiyenera kuwakumbukira.

Tikati tiyese munthu ndi kumene anacokera makolo ace, atsala m'dziko muno ndi owerengeka okha. Makolo athu sanali kucita tero. Wobwera anali kupempha malo kwa mfumu, napatsidwa munda, ndipo akaika maliro ace m'nthaka imeneyo, ana ace anali kuchedwa eni mudzi.